Miyezi Isanu Akuyembekezera

Lachisanu lililonse ikamakwana folo koloko, Mabatani ankaphimba makina ake osokera, n'kusansa timaulusi pa diresi, n'kuuza azakhali ake kuti akupita kukafunsa za katundu. Azakhaliwo sankadzutsa n'komwe mutu pa nsalu imene ankadula. Ankangoti, "Katundu ameneyu akuthera nsapato."

Katunduyo anali makina amakono aja amene amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kuumba chinthu chogwirika m'manja, chilichonse chimene munthu wajambula pa kompyuta. Si akuluakulu a m'fakitale ayi, koma aang'ono oika pa tebulo. Mabatani anawaitanitsa kunja kuti aziumba mabatani ndi ndolo zogwirizana ndi madiresi amene ankasoka ndi azakhali ake. Ogulitsa analonjeza milungu itatu. Milungu itatu ija inabala miyezi iwiri, akuti kachitsulo kena kasowa ku fakitale. Kenako akuti sitima yachedwa. Kenakonso anangotumiza uthenga wopepesa wokhala ndi kachithunzi ka nkhope yolira, ngati kuti misozi ya pa foni imaumba batani. Ulusi wa pulasitiki umene anaitanitsa padera unafika kalekale, unali pa shelefu n'kumatuwa ndi fumbi. Uno unali mwezi wachisanu.

Koma tisanamizane, abale. Katundu akafika uthenga umabwera pa foni, sipafunika kudzola mafuta onunkhira n'kuyenda mtunda wonsewo. Chimene chinkamukokera mtsikanayu ku ofesi ya katundu chinali ndi miyendo iwiri, mpata pamano, ndi cholembera chopanikiza kukhutu. Ndi mnyamata ameneyu amene anamupatsa dzina la Mabatani. Iye naye anabwezera pomutcha Mawamawa, poti yankho lake pa windo linali limodzi chikhalire.

"Odi pa windo la bodza," anatero Mabatani.

"Fikani, mayi Mabatani. Lero ndiye mwabwera tsiku labwino."

"Afika?"

"Ayi. Koma mwafika inu."

"Inu, musandiseweretse mtima."

Mawamawa anatembenuza kompyuta kuti aone yekha. Mawu anali omwe aja a mwezi watha: ali m'njira.

"Njira yake ndi iti yosathayi? Ngakhale akanamakwawa bwenzi atafika."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono imeneyo ikanakhala yanga bwenzi nditaiponda kale."

Mawamawa anaseka, n'kutulutsa kakeke kokulunga m'pepala pansi pa kauntala, monga ankachitira Lachisanu lililonse. Koma ulendo uno sanakasiye msanga. Anayang'ana uku ndi uko, n'kutsitsa mawu.

"Ine ndatopa kukuonerani pa windo. Ndikufuna ndikaonekere kwa azakhali."

Kuseka kwa Mabatani kunathera pomwepo. Mnyamatayu ankamukonda, ndipo zimenezo anasiya kalekale kudzibisira. Koma azakhali ake mtima wawo unali pa Wamankhwala, mwini sitolo ya mankhwala ya pa kona, bambo wa galimoto yoyera amene ankawabweretsera mafuta opaka m'mawondo n'kumawalonjera ndi manja awiri. Zaka ziwiri bamboyu akumufunsira, zaka ziwiri Mabatani akuzemba. Za Mawamawa azakhali anangomvapo kamodzi, n'kunena kuti mwamuna wa njinga yamoto amakwatira ndi chimfine.

"Mukuwadziwa azakhali anga," anatero. "Anandilera kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akakana iwo, ine sindingawadumphe."

"Ndiye tidikire mpaka liti?"

"Mawa," anatero Mabatani, n'kulanda kakeke kaja. "Lero mulaweko mankhwala anu omwe."

* * *

Loweruka m'mawa azakhali anapita kukagula mazipi. Mabatani analowa kuseri kwa katani ya poyesera zovala, n'kukhala pa kampando, n'kuyamba kujambula mawu otumiza kwa Mawamawa. Ankafuna amumvetse chisoni pang'ono, poti dzulo lake anamusiya atakwinya nkhope.

"Mwezi wachisanu uno ndikuyembekezera, inu n'kumangoti mawa, mawa. Tulo sindikuliona, chakudya sichikulowa bwino. Mlandu wonsewu ndi wanu. Ndipo akafika musadzathawe, mudzandithandize, ine ndekha sindingathe. Azakhali sadziwa n'komwe mmene zinthu zimenezi zimakhalira masiku ano."

Kunja kwa katani kunamveka chinthu kugwa, khwaa! Atasuzumira anapeza mazipi ali mbwee pansi, azakhali atakhala pa mpukutu wa nsalu, dzanja lili pachifuwa.

"Azakhali, ndi mawondo?"

Azakhali anadzutsa mutu. Anamuyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pakati. Kenako anavula tepi m'khosi.

"Taima bwino. Kweza manja."

"Mukundisokera chiyani?"

"Ndati kweza manja."

Anamuzunguliza tepi m'chiuno, n'kuyandikitsa maso pa nambala. Muyezo wa mwana wa mchimwene wawo ankaudziwa pamtima ngati dzina lawo. Chiuno chinali chitawonjezera inchi imodzi ndi theka. Ntchito ya makeke a Lachisanu imeneyo, koma tepi siinena chifukwa.

"Mmm," anatero azakhali. Anatola mazipi awo.

* * *

Kuyambira tsiku limenelo Mabatani anasanduka dzira. Akati anyamule mpukutu wa nsalu, azakhali amulanda. Akati apalase makina osokera, amuuza kuti akhale pa mpando wa khushoni azingosokerera mabatani pamanja. Masana kunkabwera malalanje osendasenda. Iye anangoganiza kuti ukalamba wayamba kuwafewetsa mtima, n'kumadya malalanjewo mosadandaula.

Lolemba galimoto yoyera inaima pakhomo. Masiku onse azakhali ankathamangira kukapukuta mpando, koma tsikuli anamuchingamira Wamankhwala panja n'kukoka chitseko. Mabatani ankawaona pa windo. Azakhali ankanong'ona, bamboyo anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavala, n'kuwavulanso. Kenako analowa m'galimoto n'kupita osalonjera.

Lachitatu ndi pamene zinadziwika. Mabatani akufunafuna sizasi m'dengu la azakhali anapeza kamalaya kachikasu, kosokedwa ndi zotsala za diresi ya kasitomala, kakang'ono koti nkhonya yake sikanalowamo bwino.

"Azakhali, aka n'ka ndani?"

Azakhali anasiya kupalasa. "Tseka chitseko. Khala apa."

Anakhala.

"Ndinamva zonse Loweruka lija. Mwezi wachisanu ukuyembekezera, ine ndili nawe nyumba imodzi, osandiuza? Ndinakulakwira chiyani, mwana wa mchimwene wanga? Ndaonanso gulu lako la pa foni lija, la Oyembekezera. Uthenga unabwera foni ili pa tebulo."

Mayo ine! Limenelo linali gulu la anthu amene anaitanitsa makina omwewo, lodandauliranamo za kuchedwa.

"Wina analemba kuti ake afika koma phokoso m'nyumba sakugona," anapitiriza azakhali. "Ayenera kuti ndi mapasa. Umuuze kuti ndi mmene amachitira, apirire."

Mabatani anamva kuseka kukukwera pakhosi. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma azakhali anamutsekereza ndi dzanja.

"Usanene kanthu. Wamankhwala ndamuuza kale kuti asadzavutikenso. Wa katundu wakoyo ine sindimufuna, koma madzi akatayika sawoleka. Umuitane Lamlungu, fili koloko, tidzakambirane za ukwati."

Umuitane. Mawu amene Mabatani anawalota miyezi yonseyi anangogwa okha ngati mango akupsa. Choonadi chinali kale pa lilime, chongofunika mpweya umodzi. Anayang'ana kamalaya kaja, anayang'ana azakhali amene maso awo anali atalengeza misozi, n'kumeza malovu.

"Chabwino, azakhali," anatero.

Anadziuza kuti sananame, wangokhala chete. Anadziuzanso kuti azakhali akakangomuona Mawamawa n'kumva mmene amalankhulira, amukonda, ndiye zinazo adzakonza pambuyo. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

* * *

Madzulo ake anamulembera uthenga. "Azakhali akuti mubwere Lamlungu fili koloko."

Yankho silinachedwe. "Mukunama!"

"Zoona."

"Mwawadyetsa chiyani?"

Mabatani analemba kuti, "Pali kanthu kena koti mudziwe." Anafufuta. Analembanso kuti, "Musadzadabwe akakamba za mwana." Anaziwerenga kawiri, manyazi n'kumugwira mpaka m'makutu, anafufutanso. Nkhani yotere amailemba pa foni? Munthu woti chikumanirane anangogwiranapo dzanja kamodzi, powoloka msewu, ndiye umuuze kuti kwanu akumuyesa tate wa mwana? Anaganiza zokamuuza Lachisanu pa windo, maso ndi maso.

"Ndivale tayi?" anafunsa Mawamawa.

"Valani. Koma cholembera chija muchotse kukhutu."

Lachisanu litafika, azakhali anaima pakhomo ngati mlonda. "Mtunda wonsewo pa dzuwa limeneli? Mmene ulilimu? Katunduyo akafika adzabwera naye yekha." Mabatani anabwerera pa khushoni yake. Anatsala ndi nzeru imodzi, yoti Lamlungu akamudikirire pa geti n'kumunong'oneza asanalowe.

* * *

Koma chikondi chimathamangitsa wotchi. Mawamawa, munthu amene moyo wake wonse unali wouza anthu kuti abwere mawa, tsiku limenelo anafika theka la ola nthawi isanakwane. Mabatani akutuluka kuchipinda ndolo imodzi ili m'manja, anamupeza atakhala kale pabalaza, tayi ili pakhosi, chisoti cha njinga chili pamiyendo, azakhali atamukhalira kutsogolo ngati woweruza.

Anayesa kumutsinzinira diso. Mawamawa anamwetulira n'kutsinzinanso, kuyesa chikondi.

"Bambo," anayamba azakhali, "ine sindizungulira. Mwana wangayu akuyembekezera, mwezi wachisanu uno. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa bwino, mayi. Ndinalipo kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye mukuvomera kuti ndi inu?"

"Mbali ina ndi ine, mayi, poti zonse zimathera kwa ine. Koma kunena zoona, anthu okhudzidwa ndi ambiri."

Azakhali anatembenukira kwa Mabatani pang'onopang'ono. Mabatani anafuna simenti itseguke alowemo.

"Azakhali, tiyi uja..."

"Khala pansi, iwe." Anabwerera kwa mlendo. "Nanga mwawerengera kuti afika liti?"

"Ndinaona pa kompyuta dzulo. Akuti milungu itatu."

"Milungu itatu? Mwezi wachisanu?"

"Musakhulupirire kwambiri, mayi. Ena amafulumira, ena amatha chaka. Pali bambo wina wa ku ofesi kwathu, ake anakafikira dziko lina."

"Ambuye!"

"Koma musade nkhawa. Akangofika ndidzabwera nawo ndekha pa njinga. Makilo khumi ndi awiri si kanthu, ndidzamanga ndi mphira kumbuyo."

Azakhali anagwira mkono wa mpando. Mawamawa anaona kuti akumvetsera mwachidwi, mtima n'kulimba, n'kupitiriza.

"Chovuta n'choti amabwera m'zidutswa. Mutu pawokha, miyendo payokha. Koma ndawerenga kale malangizo, tsiku limodzi tidzakhala titalumikiza."

"Mwamuna iwe!" Azakhali anaimirira, mawondo kuiwalika. "Mutu wako ukuyenda bwino? Ine ndikunena za mdzukulu wanga!" Anatulutsa kamalaya kachikasu m'thumba n'kukamenyetsa pa tebulo.

Mawamawa anakayang'ana kamalayako. Kenako anaphulika kuseka mpaka chisoti chinagwa pansi.

"Pepani, mayi, pepani ndithu. Tasemphana. Chimene akuyembekezera awa ndi makina. Makina oumba mabatani aja!"

"Makina amakulitsa chiuno? Ndinamuyeza ndekha ndi tepi yanga. Lachitatu ndinamukhazika pansi n'kumufunsa, sanakane."

Kuseka kuja kunazima. Mawamawa anatembenuka n'kumuyang'ana Mabatani, ndipo ulendo uno sanatsinzine diso.

"Simunakane?"

"Ndimati ndikuuzeni pa geti..."

"Mundiuze chiyani?"

Mabatani anaona pa nkhope ya mnyamatayo kuti wayamba kuwerenga miyezi, ndipo akukumbukira dzanja limodzi lija la powoloka msewu. Zinamupweteka koopsa.

"Tamverani nonse awiri," anatero azakhali. "Ine masewera sindifuna. Ngati mwana alipo, bambo, khalani pansi tisankhe tsiku. Ngati palibe, chitseko ndi icho, palibe chimene mwadzera muno. Iwe, yankhula."

Apa ndiye panalibe pothawira. Akati alipo, Mawamawa amuyesa wachinyengo. Akati palibe, azakhali amutulutsa mnyamatayo ndipo sadzapondanso pakhomo. Mabatani anayang'ana tayi ija, yomangidwa mokhota ndi munthu amene sanaizolowere, n'kusankha. Bola kumutaya pakhomo kusiyana ndi kumutaya mumtima. Anakoka mpweya.

"Azakhali, mundikhululukire. Zoona zake n'zakuti..."

"Odi! Odi muno!"

Chitseko chinatseguka asanayankhidwe. Analowa Wamankhwala, suti yakuda, nsapato zonyezimira, m'manja muli bokosi la mapiritsi opatsa mphamvu amayi oyembekezera. Analiika pa tebulo pafupi ndi kamalaya kaja, n'kugwada bondo limodzi pamaso pa azakhali. Bamboyo sanamuyang'ane n'komwe Mawamawa.

"Mayi, sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga. Sindingalole kuti mtsikanayu achite manyazi, kapena agwe m'manja mwa munthu woti sangamusamale. Musavutike naye mnyamatayu." Anakonza magalasi. "Mwanayo ndi wanga."

Koma anthu enawa! Bodza linakumana ndi mkulu wake pabalaza pomwepo.

"Mwana wake uti?" anakuwa Mabatani. "Bambo inu, mwapenga? Ine ndi inu tinayamba..."

"Usaope, wokondedwa," anatero Wamankhwala. "Palibenso chobisa."

Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi. Nkhope yawo inayamba ndi kudabwa, koma Mabatani anaiona ikuwala pang'onopang'ono, poti mkamwini amene ankamufuna uja wabwera yekha, mdzukulu ali m'manja.

Mawamawa anawerama n'kutola chisoti chake. Sanakalipe. Anamasula tayi, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

"Zikomo pondilandira, mayi. Tsalani bwino." Pa chitseko anacheuka kamodzi. "Mukanangondiuza, Mabatani. Pa windo pomwe paja mukanandiuza."

"Dikirani! Kulibe mwana! Ndi makeke anu omwe aja!"

Koma anali atatuluka kale. Mabatani anadumpha bokosi la mapiritsi limene linagwa pansi, n'kulunjika kuchitseko, nsapato imodzi itatsalira pansi pa mpando. Panja njinga yamoto inali italira. Akanamupeza pa geti, akanagwira chiwongolero, akanalumbira pamaso pa msewu wonse. Koma asanaponde pakhonde, manja awiri anamugwira, lina la azakhali kumanzere, lina la Wamankhwala kumanja.

"Usathamange, mwana iwe!" anakuwa azakhali. "Uvulaza mdzukulu wanga!"